Ndinajambula Alamu Anga Ali ndi Mkazi Wina

1

Kwathu amanditcha Tsabola. Dzinali anandipatsa ndi mayi anga ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku limene ndinaluma mwana wa ahedi chifukwa cholowerera pamzere wa pampopi. Sindinalikane. Mpaka pano ndikaona wina akupondereza mnzake, magazi amandithamangira kumutu, pakamwa n'kuyamba kuyankhula ine ndisanapalole. Ndayamba ndi zimenezi kuti mundidziwe, osati kuti mundimvere chisoni.

Ndine wojambula zithunzi. Sukulu yake sindinapondeko. Kamera ndinagula kwa bambo wina amene anatopa nayo, ndipo ndinaiphunzira poonera mavidiyo pafoni ndi powononga zithunzi za maukwati a anthu. Nditangoyamba kudziwika, mliri uja unafika. Maukwati anaima, maphwando anaima, ine n'kunyamula kachikwama kanga kukakhala kwa achemwali anga.

Achemwali ndi atelala. Makina awo ali pabalaza, pafupi ndi zenera, ndipo tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo ngakhale akuphika. Nthawi imeneyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, atapita kale padera kawiri. Adokotala anali atawauza kuti magazi awo amathamanga, asamadandaule, asamadzidzimuke. Amuna awo, alamu anga, ankaperekera zakudya pahotela ina yaikulu m'tauni.

Poti maphwando oti ndijambule anasowa, ndinayamba kujambula mpata wa pakati pa anthu. Mizere ya pabanki, aliyense ataima m'kabwalo kake kopenta pansi. Benchi yomata tepi yofiira pakati. Wagolosale akupereka buledi pafosholo. Zithunzizo ndinkaziika patsamba langa la pa intaneti ndipo anthu anayamba kuzikonda. Ndinadzipezeranso kalamulo kangakanga: nkhope yabisala m'masiki, koma mapazi sanama. Anthu osadziwana, mapazi awo amaloza uku ndi uko. Okondana, ngakhale atalikirane chotani, zala za kumapazi zimalozana.

"Alamu, lero mwajambula mphepo zingati?" ankandifunsa alamu anga ndikamalowa.

"Si mphepo, ndi mpata."

"Mpata ndi mphepo ndi pachibale. Tsiku lina mudzatijambulireko njala, tiikhome pakhoma."

Achemwali ankaseka mpaka kugwira mimba. Ine ndinkasekerera ndi mano okha. Mumtima ndinkasunga.

2

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono, ngati mkaka ukamasasa.

Choyamba, alamu anasamuka kuchipinda. Anayala kamatiresi m'kachipinda kosungira katundu, pakati pa njinga yakufa ndi makatoni a nsalu. Ati chifukwa cha matendawa, kuhotela kumabwera anthu ochokera kutali. Kenako anadzipatulira kapu, mbale ndi supuni, n'kumangirira kaulusi kofiira pachigwiriro cha kapuyo. Zovala zawo ankachapa okha. Foni ikalira, ankakayankhira kuseri kwa nyumba, mawu ali pansipansi.

Koma chimene chinandiimitsa makutu ndi ichi: alamu ankabwera kuchokera kuntchito atasamba kale. Tsitsi lonyowa, khungu lotuwa, fungo la sopo wachilendo, sopo amene m'bafa mwathu munalibe. Munthu wayenda ndi mathileyi tsiku lonse, wakwera basi, wabwera akununkhira ngati khanda?

Fungo limenelo ndinkalidziwa, ngakhale sopo wake anali wina. Bambo athu nawo ankabwera atasamba. Zaka zitatu zathunthu, mzere wonse wa nyumba zathu unkadziwa kumene ankasambako, kupatula mayi. Atsibweni ankadziwa, azakhali ankadziwa, onse ati za m'banja salowerera. Mayi anadzadziwa tsiku limene bambo anabwera ndi galimoto yodzanyamula mipando. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinalumbira kuti pamaso panga mkazi sadzapusitsidwanso anthu ali chete.

Tsiku lina madzulo achemwali anasiya kupalasa makina mwadzidzidzi.

"Bwerani, bwerani msanga! Mwana akumenya! Ikani dzanja apa!"

Alamu anathamanga kuchokera panja, koma atafika pakhomo la pabalaza anaima nji, ngati agunda khoma.

"Ndikumumva ndili konkuno," anatero. "Ameneyo ndi wampira."

"Dzanja lokha, bambo ake. Mwasamba kale."

"Mawa, mayi. Mawa."

Ndinayang'ana mapazi awo. Phazi limodzi linaloza kwa achemwali, lina linaloza kunja. Achemwali anatsitsa bulauzi n'kuyambanso kusoka mamasiki a anthu. Misozi inkagwera pansalu, iwo n'kumaipukuta ndi chala ngati ndi kadothi ka mafuta a makina.

"Achemwali, munthuyu akukunamizani," ndinatero alamu atatuluka.

"Tsabola, usayambe."

"Inu simukumva fungolo?"

"Ndati usayambe. Udye, ugone, ujambule mphepo zakozo. Banja ndi langa."

3

Mmawa mwake ndinapita kuhotela kuja. Ndinapeza geti lomanga ndi unyolo, udzu utamera m'ming'alu ya pamalo oimika magalimoto. Mlonda anali pampando, masiki atagwera pachibwano.

"Mukufuna ndani, achemwali?"

"Ndikufuna alamu anga, amaperekera zakudya muno."

Anaseka. "Aperekera makoswe? Muno tinatseka miyezi iwiri yapitayo. Tatsala ine ndi mphaka."

Miyezi iwiri! Ndiye kuti m'mawa uliwonse munthu ankavala malaya oyera, kupolisha nsapato, kutsazika mkazi wapakati, n'kumapita kuti? 

Kuchokera apo ndinalunjika kwa Madala. Madala ndi mkulu wina amene ali ndi situdiyo yakalekale kuseri kwa msika. Ankajambula zithunzi za ziphaso ine ndisanabadwe, ndipo ndi amene amandikonzera kamera ikavuta. Ndinawapeza akupukuta magalasi a m'kabati, makasitomala kulibe.

"Madala, ndibwerekeni lenzi yaitali ija."

"Ya mpira ija? Masewero anaima. Ukufuna kujambula mbalame?"

"Ndikufuna kujambula anthu ndili patali. Si mwamva kuti tisamayandikirane?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Kenako anatulutsa lenziyo m'chikwama chachikopa, yaitali ngati mkono wanga, yolemera ngati njerwa.

"Tamvera, mwanawe. Iyi ndi kapasule. Imakoka za kutali n'kuziunjika pamodzi. Munthu ali apa, wina ali uko, ukawajambula ali mumzere umodzi ndi iwe, imawamata ngati mapasa. Ine inandijambulirapo goloboyi atasenza nyumba ya chisanja pamutu. Ukafuna zoona za mpata, uzijambula cham'mbali. Wamva?"

"Ndamva, Madala."

"Wamva ndi makutu kapena ndi tsabola wakoyo?"

Ndinaseka, ndinanyamula lenzi, ndinatuluka.

4

Lachitatu m'mawa ndinawatsatira. Ndinavala chipewa ndi masiki, ndinasiya mtunda wa nyumba zisanu pakati pathu. Alamu sanakwere basi ya m'tauni. Anadutsa pamsika, anakhota pamalo omwetsera mafuta, n'kulowa kamsewu kena kabata, kokhala ndi mpanda wautali wa zipilala za simenti. Kumeneko anaima n'kumayang'ana wotchi.

Ine ndinabisala kuseri kwa kontena ina kumapeto kwa mpandawo. Ndinalumikiza lenzi, ndinaitsamiritsa pachitsulo kuti isagwedere.

Sipanapite nthawi, anatulukira mayi wina wa juzi yachikasu. Wamsinkhu wa achemwali, wathupi, woyenda modzidalira. Alamu atamuona nkhope yawo inawala. Ndinaiona bwinobwino, lenzi ija imaonetsa ndi thukuta lomwe. Mayiyo anatsitsa masiki. Alamu nawo anatsitsa yawo. Anayankhulana, anaseka. Ndinatsitsa kamera pang'ono kuti ndione mapazi. Ankalozana, chala kwa chala.

Kenako alamu anakweza dzanja. M'kagalasi ka kamera ndinaona chikhatho chawo chili patsaya la mayiyo, mphuno zawo zitatsala pang'ono kugundana. Chala changa chinadina chokha. Tcha! Tcha! Tcha!

Panachitikanso chinthu china m'mphindi ziwiri zotsatira. Chimenecho ndikuuzani nthawi yake ikakwana, chifukwa ngakhale ineyo ndinatenga masabata ndisanalole kudziuza.

Minibasi yoyera yopanda zolemba inafika. Mayi uja anakwera kutsogolo, alamu kumbuyo, n'kunyamuka. Ine ndinakhala pansi kuseri kwa kontena kuja, ndikuyang'ana zithunzi zanga chimodzichimodzi. Ndinasankhapo chimodzi. Chinali chokongola kuposa chilichonse chimene ndinajambulapo: dzuwa la m'mawa pajuzi yachikasu, dzanja patsaya, zipilala za mpanda zitathithikana kumbuyo kwawo.

"Ndakupezani," ndinatero. "Mphepo ija ndi imeneyi."

5

Ndinadikira mpaka alamu atabwera. Ndinkafuna aone nkhope ya achemwali ndi maso awo.

Analowa cha m'ma faifi, tsitsi lonyowa monga mwa masiku onse, n'kuima pakhomo pawo paja.

"Kuhotela kuli bwanji, alamu?" ndinafunsa. "Makoswe akupereka tipi?"

Anandiyang'ana. 

"Tsabola, ukutanthauza chiyani?" anafunsa achemwali.

Ndinaika foni pamakina osokera, pamwamba pa nsalu. Achemwali anaitenga, anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa. Anakuza chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka dzanja lija linadzaza galasi lonse. 

"Anagwiranadi?" anandifunsa ine, osati amuna awo. Mawu awo anali aang'ono ngati a mwana.

"Maso muli nawo, achemwali. Kamera sinama."

"Bambo ake, uyu ndani?"

Alamu anasuzumira ali pomwepo, khosi lokha litatalika. Nkhope yawo inachita ngati yathiridwa phulusa.

"Chithunzichi n'chabodza. Mayi ameneyu sindinamukhudzepo chibadwire."

"Dzanjali ndi la ndani? Langa?" ndinakuwa. "Hotela inatsekedwa miyezi iwiri yapitayo! Mumapita kuti? Mumasamba kuti? Mkazi wanu kumugwira pamimba mukuti matenda, koma wa juzi yachikasu alibe matenda? Yankhani!"

"Alamu, chonde, tsitsani mawu. Magazi a achemwali anu..."

"Lero mwawakumbukira magaziwo?"

Achemwali anaimirira, dzanja lina pamsana. "Funso limodzi lokha, bambo ake. Mumagwira ntchito kuti?"

 Alamu anayang'ana mimba ija, anayang'ana pazenera pomwe makatani a aneba anali atayamba kale kugwedera. 

"Sindinganene. Koma si zimene mukuganizazo."

"Ndiye kaneneni komwe mumasambako."

Achemwali sanatukwane, sanaswe mbale. Analowa m'kachipinda kaja kuti alongedze zovala za amuna awo. Apo m'pamene alamu anakuwa koyamba chikwatirane.

"Musakhudze! Zisiyeni, ndilongedza ndekha!"

"Mwaona?" ndinatero. "Muli makalata a chibwenzi m'menemo."

Anatuluka ndi kachikwama ndi kapu yawo ya ulusi wofiira. Pageti anacheuka. "Muzimwa mankhwala aja, mayi," anatero, n'kumapita.

Zikanathera pomwepo, mwina bwenzi lero ndilibe cholemba. Koma mtima wanga unali usanakhute. Ndinaika chithunzicho patsamba langa, pansi pake n'kulemba kuti: "Kunyumba mamita awiri, kunja masentimita awiri. Mkazi wake ndi woyembekezera."

6

Pofika Lachisanu chinali chili m'foni ya aliyense. Anthu zikwi ndi zikwi anachigawana. Ena ankatukwana amuna onse, ena ankatukwana osavala masiki, ena anamuzindikira mayi uja n'kulemba msewu umene amakhala. Ine ndinkawerenga zonsezo ndikumva kukoma ngati ndamwa madzi ozizira. Chilungamo, ndinkatero.

Achemwali anasiya kudya. Mapazi anatupa. Ankangokhala pamakina osasoka, tepi ili m'khosi, maso ali pageti.

Loweruka ndinakabweza lenzi. Madala anali ndi chithunzicho pafoni yawo, atachikuza.

"Unaima pati?"

"Kumapeto kwa mpanda."

"Mumzere umodzi ndi iwo." Anagogoda galasi ndi chikhadabo. "Taona zipilalazi. Mpanda umenewu ndimaudziwa, chipilala ndi chipilala pamalowa njinga yathunthu. Apa zathinana ngati mano a chipeso. Taonanso mutu wa mayiyu ndi wa bamboyu, wina uli bwinobwino, wina wachita kachifunga. Anthu opsompsonana sachita choncho. Cham'mbali unajambula?"

"Ayi, basi inafika msanga."

Anaika foni pansi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe," anatero, n'kutsekera lenzi yawo m'kabati ndi kiyi.

Patapita masabata awiri, Lolemba masana, wina anagogoda pageti ndi mwala. Nditasuzumira ndinaona juzi yachikasu.

Ndinatuluka ngati mavu. "Mulibe manyazi? Mwabwera kudzatenga mipando?"

"Ima pomwepo, mtsikana," anatero mayiyo, dzanja lili m'mwamba. "Usandiyandikire. Si kuti ndikukuopa, koma kumene ndachokera. Ndiitanire mayi wa nyumba ino."

Achemwali anatuluka n'kuima pakhonde. Aneba nawo anatulukira, wina ndi tsache, wina ndi ndowa yopanda madzi.

"Mayi, ine ndine kapitawo wa okolopa kumatenti a odwala mliri, kuseri kwa chipatala chachikulu. Amuna anu ndinawalemba ntchito ndine, hotela itatsekedwa. Amakolopa masanzi, amanyamula masilinda a mpweya. Odwala akatisiya, mitembo amanyamulanso ndi iwowo, chifukwa ena amathawa. Tikaweruka timasamba ndi sopo wamankhwala, ndi lamulo. Anandipempha kuti musadziwe. Ati mkazi wanga wataya awiri, akamva kumene ndimagwira sagona, ndipo eni nyumba atithamangitsa ngati anachitira namwino wina wa kuseri kwathu."

Mayi wa tsache anabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Wa ndowa anakokera mwana wake m'nyumba.

"Ine amuna anga anandipitikitsa chifukwa cha chithunzicho," anapitiriza mayi wa juzi uja. "Ana anga akuwaloza zala. Koma sindinabwerere zanga. Chichokereni kuno amuna anu akhala akugona m'chipinda chosungira katundu cha kumatenti, pa makatoni a magolovesi, kudya mwa apo ndi apo. Lachinayi anayamba kutsokomola. Pano ali pabedi, akupumira silinda imene ankaisenza okha. Anandiletsa kubwera. Ine ndati ayi, mkazi wa munthu ayenera kudziwa."

Achemwali anakhala pansi pakhonde pang'onopang'ono, ngati thumba likukhuthuka.

"Nanga dzanja lija?" anafunsa.

"Ankaimitsa basi yathu, mayi. Ine ndinali uko, iwo ali uko. Timatsitsa masiki chifukwa patali chotero sitimvana." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe wa kamera, ndinakulakwira chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa, achemwali anandiyankhira.

"Musamukalipire mwanayu, mayi. Sanadziwe. Kamerayo yamunamiza ngati mmene inandinamizira ine. Amandikonda, n'chifukwa chake. Mlandu ndi wanga, ndine ndinathamangitsa mwamuna wanga."

Anatambasula dzanja n'kundigwira chala, monga ankachitira tili ana powoloka msewu.

7

Tsopano ndikuuzeni za mphindi ziwiri zija.

Nditajambula dzanja lili patsaya, mawu a Madala anandibwerera: uzijambula cham'mbali. Ndinatuluka kuseri kwa kontena, ndinawoloka msewu mowerama, ndinaima kuseri kwa lole ina moyang'anizana nawo. Ndinakweza kamera.

Alamu anali pachipilala china. Mayi uja anali zipilala ziwiri kutsogolo. Pakati pawo pakanadutsa ngolo. Dzanja la alamu linali likadali m'mwamba, likukupiza mphepo, kuimitsa minibasi imene inkabwera. Ndinajambula. Chithunzi chimenecho chinali m'kamera mwanga tsiku limene achemwali anandifunsa kuti "Anagwiranadi?" Chinalimo pamene ndinkauza Madala kuti basi inafika msanga.

Kamera sinandinamize. Ndinadziwa.

Ndinadziuza kuti wabodza ndi wabodza basi. Hotela ndi yotseka, munthu akubwera atasamba, mapazi akulozana. Ngati lero sanamugwire patsaya, ndiye kuti dzulo anamugwira. Chithunzi choyamba chikunama pang'ono kuti chinene zoona zazikulu, chachiwirichi chingowapatsa pothawira. Ndinkafuna kuti bambo wina, pena pake, alipire zimene bambo anga sanalipire. Komanso, ndisabise, ndinkafuna aone kuti mphepo yanga imaluma.

Tsiku lija pakhonde, mayi wa juzi yachikasu atapita, achemwali anali atandigwirabe chala. Chala chimenecho chinkandiotcha. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kamera, ndinagwada patsogolo pawo n'kuwaonetsa.

Anayang'ana chithunzicho. Anayang'ana manambala aang'ono a pakona, osonyeza tsiku ndi nthawi. Anabwerera ku choyamba, anayang'ananso manambala.

"Mphindi ziwiri," anatero.

"Achemwali, ine ndimafuna..."

"Khala chete, Tsabola. Kamodzi kokha pamoyo wako, khala chete."

Sanandiyankhulenso tsiku limenelo. M'mawa mwake anavala nsapato za amuna awo, poti zawo zinali zitasiya kulowa, n'kunena kuti, "Tiye ukandionetse."

Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akupumira m'njira. Titafika pampanda paja anati, "Anaima pati bambo ake?" Ndinaloza chipilala. "Nanga mayi uja?" Ndinaloza china.

Anavula tepi m'khosi. "Gwira apa." Ndinagwira nsonga yachitsulo pachipilala cha alamu. Tepi ya telala ndi yaifupi, mita imodzi ndi theka, ndiye ankayeza, n'kuika kamwala, ine n'kusuntha, iwo n'kuweramanso ndi mimba yawoyo. Ndinati ndiyeze ndine, anandikankha dzanja. Anthu odutsa ankatiyang'ana ngati amisala.

Atafika pachipilala cha mayi uja anaweramuka, akupuma mwabefu.

"Bwerera apo unayambira."

Ndinabwerera. Tinayang'anizana, iwo uko, ine kuno.

"Mamita anayi ndi masentimita khumi," anatero, mokweza, chifukwa patali chotero simumvana. "Ine ndimasoka, Tsabola. Munthu akandinamiza sentimita imodzi, diresi silimukwana. Iwe unandibera mamita anayi. Ima pomwepo. Uwu ndiye muyezo wa iwe ndi ine kuyambira lero."

Anakulunga tepi yawo n'kutembenuka. Ndinawatsatira m'mbuyo, osayerekeza kufupikitsa.

8

Alamu anachira, ngakhale mpaka lero akakwera masitepe amapumira pakati. Mwana anabadwa mwezi usanakwane, wamkazi, wolemera ngati paketi ya shuga, koma wamoyo. Bambo ake anamuona koyamba kudzera pazenera la pabalaza, chipumi atachitsamiritsa pagalasi. Kamera ndinali nayo m'manja. Sindinajambule.

Eni nyumba anatipatsa mwezi umodzi kuti tisamuke, monga momwe alamu ankaopera. Banjalo linapeza nyumba ina, ine ndinapeza kachipinda kanga kwina. Palibe anachita kundiuza.

Chithunzi chachiwiri ndinachiika patsamba langa, pamodzi ndi kupepesa. Choyamba chija anachigawana anthu oposa zikwi makumi awiri. Chachiwirichi, anthu makumi anayi ndi atatu. Mayi wa juzi yachikasu ndinapita kukamugwadira. Amuna ake anali atamuitana kuti abwerere, iye anakana. "Mwamuna wokhulupirira foni kuposa ine wa chiyani?" anatero. "Iwe dzuka, mawondo ako sandibwezera kanthu."

Amene anandikhululukira msanga ndi amene ndinawalakwira kwambiri. Tsiku loyamba kukumana nawo, alamu anandiyang'ana, n'kupukusa mutu. "Alamu, mphepo ija inakhala namondwe," anatero, n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anavomeranso kwa akazi awo kuti kubisa kuja kunali kulakwa. Kapu ya ulusi wofiira ilipobe, amamweramo tiyi.

Mliri unatha. Timabwalo ta pabanki tinafufutika, matepi a pamabenchi anamatuka, anthu akukumbatirana m'misewu ngati palibe chinachitika. Ine ndimapita kwa achemwali Lamlungu lililonse. Amandilandira, amandipatsa chakudya, amandifunsa za ntchito. Koma ndikakhala pampando wa pakhomo, iwo amakhala pamakina, kuzenera. Sindinayezepo ndi tepi, koma diso langa ndi la wojambula, ndikudziwa kuti ndi mamita angati. Kamtsikana kaja kali ndi zaka zitatu tsopano. Ndi kokhako kamene kamathamanga kuchoka pamiyendo ya mayi ake kudzagwera pa yanga, n'kubwereranso, osadziwa kuti kakuwoloka chiyani.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina munachilandirapo chithunzi chija pafoni panu. Mwina munachitumiza kwa anzanu, mwina munalemba mawu pansi pake. Sindikukuimbani mlandu, amene anadina ndine. Ndingokupemphani ichi: wina akakuonetsani chithunzi cha mlamu wanu, cha mkazi wanu, cha mneba wanu, musafunse kokha kuti mukuona chiyani. Funsani kuti wojambulayo anaima pati, ndipo m'kamera mwake mwatsala zingati zimene sanakuonetseni. Ndipo inu anzanga a mtima wapachala, amene mumati mukumenyera chilungamo, dzifunseni kuti mlandu umene mukuweruzawo ndi wa munthu ali patsogolo panuyo, kapena ndi wa wina amene anapita kalekale ndi mipando.

Lamlungu lapitali, ndikutsazika, ndinayang'ana pansi pa makina monga ndimachitira nthawi zonse. Phazi limodzi la achemwali linali pachopalasira. Linalo linali litaloza kwa ine.

Ndinanyamula kachikwama kanga n'kutuluka. Ndaphunzira kudikira chithunzi chachiwiri.